Kalata yochokera ku Puerto Vallarta

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana onse. Ine ndili bwino, kungoti miyendo imatupa chifukwa choima tsiku lonse m'khitchini ya sitima. Ndalama ya feteleza ndatumiza kwa achimwene, musadikire mvula.

Sabata ino sitima yathu yaima ku Mexico, padoko la Puerto Vallarta, ndipo anatipatsa maola asanu oti tikapondeko dothi. Ndikuyenda mumsewu wa m'mbali mwa nyanja ndinaona bambo wina atakhala pansi, thabwa lili pamiyendo. Anali atalipaka phula la njuchi losakaniza ndi utomoni, n'kuliyanika kaye padzuwa kuti lifewe. Kenaka ankatenga ulusi, n'kumaukanikiza paphulapo ndi chikhadabo, mzere ndi mzere, osasiya mpata ngakhale wolowa singano. Amayi, ndinaiwala zogula sopo. Ndinaima pamenepo mpaka mutu wa gwape wabuluu unaoneka ndikupenya.

Mnzanga wa ku Mexico amene timagwira naye ntchito ndiye ankamasulira. Anthu amenewa ena amawatchula kuti a Huichol, koma eni ake amati ndi a Wixárika. Kwawo ndi kumapiri a Sierra Madre Occidental, m'zigawo za Jalisco, Nayarit, Durango ndi Zacatecas, ndipo ali ndi chilankhulo chawochawo. Ine ndinkayesa ndi zokongoletsa chabe zogulitsa kwa azungu. Bamboyo anayamba kuloza ndi chala: uyu ndi Kauyumari, gwape wabuluu amene amatsogolera anthu, apa ndi Tatewari, moto, amene amamutchula kuti agogo, aka kozungulira ndi hikuri, kachomera ka m'chipululu kamene amakalemekeza kwambiri. Chaka ndi chaka amayenda ulendo wautali kukafika ku Wirikuta, m'chigawo cha San Luis Potosí, motsogozedwa ndi mara'akame, mkulu wa miyambo amene amaimba usiku wonse. Zimene amaona ndi kumva kumeneko ndi zimene amaika pathabwa.

Chimene chinandigwira mtima ndi chimanga. Pathabwapo panali chamitundu isanu, ndipo amachitenga ngati wachibale. Paja chimanga chimene timalima kwathu chinachokera kunoko ku Mexico. Ndinakumbukira nkhokwe yanu, misozi inalengeza.

Kale ankapanga tizithunzi ting'onoting'ono totchedwa nierika, topereka nsembe, tokasiya kumapanga ndi pa akasupe. Zikuluzikulu zofotokoza nkhanizi zinatchuka m'zaka za m'ma 1960, pamene Ramón Medina Silva anayamba kuika nthano za makolo ake pamatabwa. Wina wodziwika anali José Benítez Sánchez, amene anamwalira mu 2009. Ndinafunsa ngati akuluakulu sakwiya kuti zopatulika zikugulitsidwa. Bamboyo anati za nsembe sizifika pamsika, zimapita kumalo ake. Anatinso mdzukulu wake amene ankamupatsira ulusi sangaike gwape pathabwa osadziwa nkhani yake, ndiye manja akamaphunzira, khutu nalo limamva. Ine ndaona kuti akunena zoona, ngakhale mtima unandiwawa kuona mlendo wina akunenerera mtengo ngati akugula tomato, pantchito ya masabata.

Malo awo opatulikawo akhala akuwopsezedwa ndi makampani a migodi, ndipo akhala akulimbana nawo mpaka kumakhoti. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika njira yawo ya ku Wirikuta pamndandanda wa chuma cha dziko lonse, bungwe lomwe lija linalemekeza Gule Wamkulu.

Ndinagulako kamodzi kakang'ono, ka gwape ndi chimanga, ndipo ndidzabwera nako mu Disembala. Musadzakapachike pafupi ndi moto kapena padzuwa, phula lingasungunuke.

Tsono ndili ndi pempho. Agogo akamakamba nthano madzulo, Chikondi azijambula mawu awo pafoni ija ndinamusiyira, makamaka ya m'mene makolo athu anachokera ku Kaphirintiwa. Ine ndinayesa kumufotokozera mnzangayu, ndinathera pakati. Azinditumizira pa WhatsApp, ya bandulo ndiwonjezera mwezi wamawa.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse a kumpingo. Mundiuze ngati denga la khitchini linakonzedwa.

Ndine mwana wanu,
Limbani