Mlezi wa ku mkombaphala asamaphunzitsidwe kamodzi n'kuiwalika

Akonzi,

Ndikupempha kadanga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo za alezi amene amasamalira ana m'sukulu za mkombaphala za m'midzi, zija aboma amazitcha ma CBCC. Ndinaphunzitsa Sitandade 1 kwa zaka zambiri, ndipo nditapuma ntchito anthu akwathu anandiika m'komiti yoyang'anira sukulu yotereyi, choncho ndaona kumene mwana amachokera komanso kumene amakalowa akakwanitsa zaka 6.

Mawu akuti Mmera Mpoyamba tawamva pa wailesi ndi pa misonkhano mpaka tawaloweza, koma za munthu amene amathirira mmerawo sitilankhula kwenikweni. Sukuluzi zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo zinachuluka pamene Edzi inasiya ana amasiye ambiri m'midzi. Nthawi imeneyo zinali zokwanira kuti mayi wachifundo aphike phala n'kuyang'anira ana pamene makolo ali kumunda. Lero sizili choncho. Kuchokera pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Mmera Mpoyamba mu 2003, imene linaikonzanso mu 2017, mlezi akuyembekezeka kukonzekeretsa mwana sukulu, kuzindikira mwana amene akunyentchera kapena amene sakumva bwino, ndi kudziwa kokanena akaona zizindikiro za nkhanza, monga lifunira lamulo loteteza ana la 2010. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, udindo umenewu si wamasewera. Komabe maphunziro oyamba amene mlezi amalandira amatenga pafupifupi milungu iwiri yokha, ndipo alezi ambiri sanaione n'komwe milungu iwiriyo.

Mphunzitsi wa ku pulayimale amafunika MSCE, amaphunzira zaka ziwiri, ndipo akayamba ntchito amayenderedwa ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, komanso amaitanidwa ku TDC, malo a m'zoni osulirako aphunzitsi, kukawonjezera luso. Mwana wa zaka 5 ndi wa zaka 6 amasiyana chaka chimodzi basi, nanga n'chifukwa chiyani wina timampatsa munthu wosulidwa zaka ziwiri, pamene winayo timamsiyira munthu amene tangompatsa poto ndi mthiko?

Mlezi amene sanaphunzitsidwe salakwa mwadala, amangotsanzira sukulu imene iye amaikumbukira. Amakhazika ana a zaka zitatu m'mizere, kamtengo kali m'manja, n'kumawalowezetsa afabeti ndi masiku a pa sabata m'Chingerezi mpaka dzuwa litafika paliwombo. Makolo nawo amasangalala, amati mwana wayamba chizungu. Ine ana oterewa ndinkawalandira mu Sitandade 1. Ankatha kuimba manambala mpaka 20, koma ukawauza kuti akupatse timiyala tisanu ankangokuyang'ana, ndipo pensulo ankaigwira ngati mpini wa khasu. Mlezi wophunzitsidwa bwino amadziwa kuti kuumba ng'ombe zadothi kumalimbitsa zala zodzalembera, kuti zitsononkho ndi zitsekerero za mabotolo n'zokwanira kuphunzitsira kuwerengera, ndi kuti nthano yokambidwa m'chinenero cha mwanayo, iye n'kumafunsa ndi kuyankha, imamanga mawu ambiri kuposa kukuwa zinthu zimene sakuzimva.

Koma ndisanamveke ngati ndikuti kungowonjezera milungu ya maphunziro ndiye mankhwala, ndikumbutse za kafukufuku amene akatswiri a World Bank anachita m'ma CBCC 199 a m'maboma a Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay. Kumene anaphunzitsa alezi okha, kaphunzitsidwe kanasintha ndithu, koma kusinthako sikunaonekere mwa ana. Kumene anaphunzitsa alezi pamodzi ndi makolo, ana anapita patsogolo pa kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anzawo patatha miyezi 18, koma pofika miyezi 36 kusiyanako kunali kutazilala. Ena angamve zimenezi n'kunena kuti maphunziro alibe phindu. Ine ndikumva kuti maphunziro a kamodzi ali ngati mvula yogwa tsiku limodzi, ndipo kuti mlezi sangapambane ngati zimene akuchita m'mawa zikufafanizidwa kunyumba madzulo.

Kwathu kuno tinali ndi alezi awiri ophunzitsidwa. Mmodzi anakwatiwa kumudzi wina, winayo anasiya n'kuyamba geni ya tomato, ndipo sindingamudzudzule, pakuti munthu sangadyetse ana ake mawu akuti zikomo. Nzeru zija zinapita nawo limodzi, ife tinatsala ndi mabuku awiri m'katoni. Palinso khalidwe lina lochititsa manyazi limene ambiri amalidziwa koma salitchula: kukamveka kuti kukubwera maphunziro okhala ndi alawansi, dzina limene limatumizidwa nthawi zina limakhala la mbale wa munthu wamkulu, osati la mayi amene wakhala akusesa ndi kuphika pamalopo kwa zaka zisanu. Wopitayo akabwerako saonekanso.

Pempho langa ku unduna woona za chisamaliro cha ana ndi lakuti maphunziro a alezi abwere pafupi ndi kwawo ndipo azichitika kawirikawiri. Ma TDC alipo kale m'zoni iliyonse, ndipo sipafunika hotela ya kunyanja kuti alezi a sukulu zoyandikana azikumana kamodzi pa mwezi, motsogoleredwa ndi mnzawo waluso, kuonetsana kapangidwe ka zoseweretsa ndi kukambirana za mwana amene wawathetsa nzeru. Aphunzitsi a Sitandade 1 azikhala nawo pa mikumano imeneyi, chifukwa ndi iwo amene amalandira anawo, ndipo n'zodabwitsa kuti anthu awiriwa amagwira ntchito m'mudzi umodzi osadziwana.

Mlezi ayeneranso kuona makwerero patsogolo pake. Tili ndi bungwe la AECDM, limene lakhala likuphunzitsa alezi kuyambira kale, tili ndi koleji ya Magomero ku Chiradzulu, imene imasula alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi chisamaliro cha anthu, ndipo pamwamba pake pali mayunivesite. Chosowa ndi njira yomveka yoti mayi amene anasiyira sukulu Fomu 2, koma walera ana zaka khumi, awerengeredwe zaka zakezo, aziphunzira pang'onopang'ono osasiya banja lake, mpaka apeze satifiketi imene boma limaizindikira ndi kuilipira. Ndikuyamikira kuti boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena, koma olandirawo ndi ochepa poyerekeza ndi onse amene akugwira ntchitoyi, pamene alangizi a zaumoyo, amene amayenda m'midzi yomweyi, ali pa malipiro a boma.

Ntchito ya Investing in Early Years, imene inabwera ndi thandizo la World Bank m'maboma 13, inaonetsa kuti ndalama zikapezeka alezi amaphunzitsidwa. Koma ntchito za othandiza zimakhala ndi tsiku lotha, pamene ana amabadwa chaka chilichonse, n'chifukwa chake aphungu athu ayenera kuonetsetsa kuti maphunziro a alezi ali ndi gawo lakelake m'bajeti ya dziko lino. Ndikupemphanso undunawu kuti utiuze kudzera m'nyuzipepala ino chiwerengero cha alezi ophunzitsidwa m'boma lililonse ndi cha amene akadali pa ntchito mwa iwo, kuti ife a m'makomiti tidziwe choyankha alezi athu akamatifunsa kuti nthawi yawo idzafika liti.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Ntcheu