Ndinkamutcha mchemwali wanga, koma wafika mu Blantyre osandiuza

Azakhali,

Ndikulemba pakati pa usiku chifukwa ndikadikira kuti kuche sindilembanso. Mtsikana wa ku Germany amene ndinkamutcha mchemwali wanga ali m'Malawi muno ndipo sanandiuze. Ndaonera pa Instagram madzulo ano. Wajambulitsa kutsogolo kwa tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI pompa, atamanga m'chiuno chitenje chomwe ndinampatsa ine ku Moshi, ku Tanzania. Kuchoka pamenepo kufika kwathu ku Chilomoni ndi minibasi imodzi yokha. Pansi pa chithunzicho walemba za njerwa zake, kuti tchalitchicho chinatha kumangidwa mu 1891, ndi kuti Amalawi ndi anthu ansangala. Za Mmalawi amene ankagona naye chipinda chimodzi, amene anamulankhulitsapo ndi mayi ake pafoni, palibe.

Ndili ndi zaka 31, sindili pabanja. Mu 2023 ntchito inatha pakampani ina ku Ginnery Corner ndipo anatipatsa kangachepe. Ndinaphatikiza ndi ndalama zina zomwe sindinena kumene zinachokera, poti abale anga amawerenga tsamba lanuli, koma dziwani kuti sindinabe. Ndinagula chikwama chobereka pakaunjika ku Limbe, ndi kukwera basi pa Wenela mpaka ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kufika ku Mbeya. Kunyumba anati ndapenga. Malume ananena kuti munthu amapita ku Tanzania kukaoda zovala ku Kariakoo kapena ku Joni kukafuna ganyu, osati kungoyendayenda ngati alibe kwawo. Ine ndinali nditatopa, Azakhali. Kuyambira ndili kusukulu ndakhala ndikulera ana a anthu ndi kulipira mafizi a azing'ono anga. Kodi kufuna kuona nyanja yamchere kamodzi pamoyo ndi tchimo?

Mtsikanayu ndinakumana naye musitima ya TAZARA kuchokera ku Mbeya kupita ku Dar es Salaam. Anatiika chipinda chimodzi cha amayi. Ine ndinali ndi mtedza wokazinga, iye anali ndi tiyi ndi mpeni. Pofika ku Dar anali atandiuza kale za kutha kwa banja la makolo ake, ineyo ndinali nditamuuza zinthu zomwe ngakhale mayi anga sazidziwa. Mwina simungamvetse mmene zimakhalira m'malo ogona otchipa aja, ma hostel. Chipinda chimodzi mabedi osanjikizana, anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, aliyense chikwama chake pansi pa bedi. Mafunso ndi omwewo tsiku lililonse: ukuchokera kuti, wadutsa kuti, ukulowera kuti. Madzulo mwaphika limodzi supageti m'khitchini, usiku mukuuzana zinsinsi, chifukwa munthu amene sadziwa abusa ako kapena azakhali ako ndi wosavuta kumuululira. M'mawa ukadzuka upeza bedi lake lili mbee, anyamuka mbandakucha kukakwera basi ya ku Arusha. Ambiri ndinazolowera kuti amatero. Koma uyu sanatero, tinayenda limodzi nthawi yaitali, Stone Town ndi Paje ku Zanzibar, kenako Moshi.

Ku Moshi ndi kumene malungo anandigwetsa. Anandikweza pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, kupita nane kuchipatala, analipira yekha mankhwala aja kuno timati LA, ankandidzutsa usiku kuti ndimwe pa nthawi yake. Ndinasanza pansi iye n'kukolopa. Anachapa ngakhale zovala zanga zamkati. Anzake omwe anapangana nawo kukwera Kilimanjaro ananyamuka iye n'kutsala chifukwa cha ine. Ndiye munthu wotere ndingamutche chiyani ngati si m'bale? Chitenjecho ndinampatsa nditachira, chinali cha mayi anga, ndipo analira pochilandira.

Sikuti zonse zinali bwino. M'ma hostel ambiri wakuda wolipira bedi ndinali ndekha, moti kangapo mlendo mnzanga anandifunsa thaulo kapena nambala yachinsinsi ya Wi-Fi poganiza kuti ndine wantchito. Tsiku lina zinachitika iye ali pomwepo, anangoseka. Ndinamuuza kuti zandiwawa, anati ndimatengera zinthu pamtima. Komanso pa nkhani ya ndalama tinali osiyana. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zomwe ndinasiya kubanki kuno zinangosungunuka ndili kutali, pamene anzangawo ankangolowetsa khadi m'makina n'kutulutsa mashilingi. Akati tiyeni tikadye kumalo akuti, ine ndinkati ndakhuta, kenako n'kukagula chipsi mayai pamsewu. Ndiye power bank yanga. Ndikudziwa kuti ndi kanthu kakang'ono, koma ndinaigula yatsopano, anaibwereka tsiku lomwe tinasiyana ku Nairobi, anati adzanditumizira ina. Kuno magetsi mukudziwa mmene amachitira. Sindikufuna power bank, ndikungonena kuti ankadziwa kuti ali ndi chinthu changa.

Panalinso mnyamata wina wa ku Argentina. Za iyeyu sindinena zambiri. Ndinamubwereka madola pamene ankati khadi yake yatsekedwa, ndipo panali zinanso. Mtsikanayu amadziwa zonse, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti mwina n'chifukwa chake akundizemba, mwina awiriwa amalankhulanabe. Kapena ndi maganizo a usiku chabe.

Posiyana tinatsegula gulu pa WhatsApp ndi anzathu a paulendo, aliyense akuti bwera kwathu, bedi lilipo. Kunena n'kosavuta. Kuti ine ndiponde ku Germany ndiyenera kupempha viza ya Schengen, kuonetsa masitetimenti a kubanki, inshulansi, ndi umboni woti ndidzabwerera, ine wopanda ntchito yokhazikika. Iwo mu Febuluwale 2024 boma lathu linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79, dziko la mtsikanayu linali pomwepo. Ndinamutumizira nkhaniyo tsiku lomwelo, anayankha ndi kamtima kofiira. Gululo linayamba kuzizira pang'onopang'ono, wina watuluka, wina wasintha nambala. Ine ndekha ndinkaponyamo zithunzi zakale, bandulo yanga kuthera pamenepo.

Chomwe sindinakuuzeni n'chakuti ndili ku Zanzibar mnzanga wa kuyambira Sitandade 3 anamanga ukwati. Ndinayenera kukhala woperekeza wamkulu, diresi linali litasokedwa kale ndipo ndalama ya nsalu ndinapereka. Ndinamuuza kudakali milungu ingapo kuti sindikwanitsa kubwera, ndalama yobwerera kuno n'kupitanso inalibe. Iye amati ndinasankha azungu. Komatu tsiku la ukwati analisintha yekha, poyamba linali la Disembala. Ndinatumiza ya pelekanipelekani kudzera kwa mng'ono wanga, sanathokoze n'komwe.

Nditabwerera, patapita miyezi yochepa bambo anamwalira. Mnzanga yemweyu anafika m'mawa mwake ndi chitenje ndi ndowa ya ufa. Anaphika ndi amayi kuseri, anagona pamphasa m'nyumba ya siwa mpaka tinaika maliro, anapereka chipepeso, anandigwira pomwe ndinkagwa kumanda. Koma mawu amene anandilankhula masiku onsewo ndi "pepa" basi. Kuchokera pamenepo tikakumana kutchalitchi ndi moni wa pakamwa, mwana wake ndinamuonera pa Facebook. Pagulu la WhatsApp lija nditalemba za malirowo, kunabwera tinkhope tolira. Mchemwali wanga uja anatumiza uthenga wamawu wosakwana mphindi, kumbuyo kukumveka nyimbo, anati adzandiimbira Loweruka. Loweruka lake silinafike.

Mayi amati ubwenzi wa paulendo ndi moto wamapesi. Ndimakwiya akatero chifukwa iwo sanaone munthu uja atagwada kukolopa masanzi anga. Zimene zija sizinali zachiphamaso, ndikukana. Koma ngati zinali zenizeni, munthu angakwere Sapitwa, atsike, adutse mu Limbe, agone mu Blantyre, osakumbuka kuti ndili pano? Pazithunzipo ali ndi mtsikana wina, akuoneka ngati wa ku Zambia kapena konkuno, akumbatirana mmene tinkachitira ife. Ndayang'ana chithunzicho mpaka foni kutentha. Ndalemba uthenga n'kufufuta, kulembanso n'kufufuta. Akuoneka kuti ali pa intaneti panopa.

Kuno ndikayamba kusimba za ulendo anthu amayang'ana kumbali, mlamu wanga amanditcha mzungu pamaso pa ana. Ndinasiya kusimba. Ndikugulitsa zovala za kaunjika pa WhatsApp, ndipo ndalama zina zija ndikubwezabe pang'onopang'ono, mwini wake sakundipatsa mtendere. Koma chikwama chija sindinagulitse, ndipo masiku ena ndimadzipeza ndikufunsa mtengo wa basi ya ku Tete, kuti mwina ndilowere ku Vilankulo ndi Tofo, kunyanja ku Mozambique. Ndikudziwa kuti kumeneko ndikapeza anthu ondikonda pofika madzulo a tsiku loyamba.

Ndithandizeni, Azakhali. Ndimulembere asanachoke m'dziko muno, kapena ndikhala ngati wopemphetsa? Ndikamulembera, ndimufunse chifukwa chake kapena ndinamizire kuti sindinaone kanthu? Ngati angayankhe mokondwa n'kunena kuti tikumane m'tauni, ndipite, ndikudziwa kuti akanapanda kugwidwa sakanandifuna? Chitenje cha mayi anga ndingachiitanitse? Nanga mnzanga wa kuno, amene anagona pansi chifukwa cha bambo anga koma safuna kundiyang'ana kumaso, ndimuyambe bwanji pamene iyenso anandilakwira ndipo savomera? Mnyamata uja ndimukumbutse za madola anga kudzera kwa mtsikanayu, kapena ndingoziiwala?

Wosowa tulo,
Chilomoni, Blantyre