Makhoti akonzedwe, koma tiyambe ndi kufunsa amene amagwidwa

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Malamulo a milandu a 1886 amene Apwitikizi anatisiyira anachotsedwa mu 2014, ndipo atsopanowo anawaunikanso mu 2019. Nyumba za makhoti zikumangidwa m'maboma. Zonsezi sindikuzinyoza. Chondivuta n'chakuti amene amalowa m'nyumbazo atamangidwa maunyolo ndi omwe aja.

Mwana wa mlongo wanga anagwidwa ndi thumba limodzi la feteleza la mwini. Sindikumuikira kumbuyo, anabadi. Koma anakhala pa limandi miyezi ingapo asanaone nkhope ya woweruza. Tsiku la mlandu zonse zinali m'Chipwitikizi, iye akungogwedeza mutu ngati gulo, womasulira akudumpha mawu ena. Womuimira anamuona koyamba m'mawa womwewo pakhonde. Amayi ake anagulitsa mbuzi ziwiri kuti azipeza ya basi yokamuonera, kanthu koposa mtengo wa feteleza uja.

Akatswiri ena a za umbanda, monga Richard Quinney wa ku America, anatsutsa kale maganizo akuti lamulo limangogwa kumwamba. Iwo amati chotchedwa mlandu amachisankha ndi eni mphamvu, ndipo apolisi ndi makhoti amatsata mzere womwewo. Poyamba ndinkati ndi zokamba za ophunzira basi.

Koma taonani ngongole zobisika, madola pafupifupi 2 biliyoni amene anatengedwa mu 2013 ndi 2014 kudzera ku makampani a boma a Ematum, ProIndicus ndi MAM. Zitaululika mu 2016 metikali inagwa, tonse tinamva kuwawa pamsika. Chigamulo cha mlandu wa ngongolezi ku Maputo chinadzabwera mu Disembala 2022, ndipo Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma, anakapezeka wolakwa ku New York mu 2024. Kwathu konkuno, mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha malasha a Moatize atatseka njanji mu Januwale 2012 podandaula za nyumba ndi minda, apolisi anafikira iwowo.

Choncho okonza makhoti ayambe ndi izi. Woimbidwa mlandu amve mlandu wake wonse m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe. Timilandu ta nkhuku ndi feteleza tithere kumakhoti a m'midzi amene lamulo la 1992 linakhazikitsa, wakuba abweze, ngakhale uko nako mnzake wa mfumu amafunika kumuyang'anitsitsa. Mnyamata uja anatuluka dzinja litadutsa, munda wake uli thengo.

Mlimi wa mbatata,
Ulongwe