Tisatame mowa wa kiti n'kumanyoza amayi ofulula masese

Akonzi,

Ndilole ndiyankhulepo pa kamchitidwe kamene kayamba kuno ku Mzuzu, koti anyamata ena ogwira ntchito zabwinoko akumaitanitsa makiti ophikira mowa kuchokera ku Joni kapena ku UK, n'kumaphika okha kunyumba kwawo ku Katoto ndi ku Chimaliro, kenako pa WhatsApp zithunzi mbwee, ati asiya Green ayamba kumwa mowa weniweni. Kuphika mowa wako si mlandu ayi, ine ndimakusangalalira, koma chikundiwawa n'chakuti anthu omwewa ukawatchulira masese a ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa amachita kukwinya nkhope ngati wawatukwana.

Kwa amene sanaionepo kiti, mumakhala chitini cha madzi a chimera cha barele owiritsidwa mpaka kulimba ngati uchi, hops (timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo) anathiramo kale ku fakitale, kapaketi ka yisiti, ndi chidebe chokhala ndi kachubu kotulutsa mpweya koma osalowetsa wakunja. Iwe ntchito yako n'kusungunula zam'chitinimo m'madzi otentha, kuonjezera shuga ndi madzi ozizira mpaka malita 23, kuwaza yisiti, kutseka n'kudikira sabata imodzi kapena ziwiri, kenako umathira m'mabotolo ndi kashuga pang'ono kuti mowa ugwire gasi n'kudikiranso masabata ena awiri. Ndiye onani, gawo lovuta lonse, kumeretsa barele, kuyanika, kufulula, kuwiritsa ndi hops, anachita kale a Coopers ku Australia kapena a Muntons ku England. Mowa wa kiti theka lake ndi wa fakitale basi, kungoti fakitale yake ili kutali.

Za mtengo musanamize anthu kuti n'zotchipa. Kumayiko kumene makitiwa amapangidwa mwina inde, koma kuno chitini chija chimafuna foreksi, chimafuna wa transipoti, chimafuna msonkho pa boda, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chimachita kuwawa m'thumba. Chimene Mzuzu watipatsa mwaulere ndi kazizira kathuka, chifukwa yisiti ya mtunduwu imagwira bwino pakati pa madigiri 18 ndi 24, ku Karonga kapena ku Nsanje mu Okutobala mowa wake ukhoza kutuluka wonunkha zachilendo.

Wa fakitale nawo tiupatse ulemu wake. Carlsberg anatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba yawo kunja kwa Denmark, a Castel anadzaitenga mu 2016, ndipo mphamvu ya mowa wotere n'njakuti botolo ugule ku Luwinga lero, ugule lina ku Chitipa mwezi wamawa, kakomedwe n'kamodzi ndipo mphamvu yake yalembedwa pa lebulo, umadziwa chimene ukumwa. Wa kiti akangolephera kutsuka bwino chidebe kapena kachubu, malita onse aja amasasa, akachulutsa shuga m'mabotolo amaphulika usiku. Inde ukaphika bwino umakoma mwapadera, uli ndi fungo limene mowa wosefedwa ndi kutenthetsedwa kuti ukhalitse sukhala nalo, zimenezo sindikana.

Koma abale, amene akuphikadi mowa kuyambira pa mbewu mpaka m'chipanda ndi amayi athu aja. Amanyika mawere kapena chimanga, amafundika kuti chimere, amayanika, amakagayitsa chimera, amaphika phala, amadziwa ndi chala chokha nthawi imene phala lazizira mokwanira kuti athire chimera, chifukwa ukathira likadali lotentha kwambiri chimera chimafa mphamvu, ufa susanduka shuga. Sayansi yake ndi yomweyo ya ku fakitale, ndipo a Chibuku anaona kalekale kuti ndi bizinesi n'kuika mowa womwewu m'mapaketi. Amayiwa alipirira ana fizi ndi mowa umenewu, ena mpaka ku Mzuni, palibe dola imodzi imene atulutsa m'dziko muno, ndalama imathera kwa mlimi wa mawere ku Mzimba ndi wogulitsa nkhuni.

Vuto lawo lenileni ndi ukhondo ndi muyezo, apa ndi pamene kiti ingatiphunzitse kanthu. Madzi a pachitsime chosatetezeka, migolo imene kale munali mafuta kapena mankhwala, chipanda chimodzi kuzungulira anthu khumi nthawi ya kolera, zimenezi n'zokonzeka popanda ndalama zambiri. Ndipo tisasakanize nkhani, mowa wongofulula ngati masese kapena wa kiti suli m'gulu limodzi ndi kachasu wotcheza kapena zosakaniza ndi mankhwala zija zinapha anthu ku Blantyre mu 2024, zimene ankazitcha ambuye ntengeni. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti, achinyamata ambiri anangothawira ku zakumwa zoopsazi chifukwa botolo la ku fakitale sangalikwanitse.

Pempho langa lipite kwa a khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ndi a Malawi Bureau of Standards. M'malo mongobwera ndi apolisi kudzataya mowa, aitaneni amayiwa m'magulu, muwaonetse zidebe zoyenera chakudya, katsukidwe kake, kusunga mowa wovundikira, ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya mowa kaja anyamata a makiti ali nako, amene watsata apatsidwe chiphaso choti apachike pakhomo. Anyamata a makiti nanunso, popeza zipangizo muli nazo ndipo intaneti mumaidziwa, yesani kuphika ndi chimera cha mawere cha mumsika waukulu uja, mukafunse amayi a ku Chiputula akuonetseni kameretsedwe kake, ndipo muwalipire pa phunzirolo.

Wowerenga wanu,
Zolozolo, Mzuzu