Buluu wa pafoni akumafika ali pepo, tiyeni tisinthe manambala tisanatumize

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ikutidyera ndalama kuno ku chigwa cha Shire, makamaka ife amene timapanga madizayini a maposita, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi mabana a matchalitchi. Kuyambira pa Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje achinyamata ambiri pano ali ndi laputopu kapena foni yabwino ndipo akupanga zinthu zokongola ndithu, koma ntchito zikuluzikulu timatumizabe ku Blantyre kuti akasindikize, ndiye katundu akatsika pa minibasi kasitomala n'kumasula n'kupeza kuti buluu uja amamufuna wafika ali pepo, mkangano umayambira pomwepo. Kasitomala akuti mwandibera, osindikiza akuti ife taprinta fayilo yomwe munatumiza, wadizayini ali pakati kusowa choyankha. Ine sindikuonapo wakuba apa. Vuto ndi loti tikumatumiza fayilo manambala a mitundu tisanawasinthe kuti agwirizane ndi inki.

Sikirini imawala yokha, imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndiyo RGB ija, chilichonse kuyambira 0 mpaka 255. Pepala lilibe kuwala kwake, limadalira dzuwa kapena babu, ndipo inki ntchito yake ndi kumeza kuwala kwina n'kubweza kotsalako. Makina osindikizira amagwiritsa inki zinayi, cyan (buluu wowala), magenta (wofiira wopendekera ku pinki), yachikasu ndi yakuda, ndiyo CMYK, iliyonse kuyambira 0 mpaka 100 peresenti.

Tsono ambirife posankha mtundu sitilemba RGB, timangozungulira kagudumu kaja kapena kukoka kamzere, komwe kuli HSL kapena HSB. H uja ndi malo a mtundu pa gudumu la madigiri 360, kufiira kuli pa 0, chikasu pa 60, kubiriwira pa 120, cyan pa 180, buluu pa 240, magenta pa 300. S ndi kukhathamira kwa mtunduwo, ikatsika mtundu umatuwa. Chilembo chomalizacho, L kapena B, chomwe chimanena za kuwala kwa mtundu, ndi chomwe chikupweteketsa anthu chifukwa L ndi B sizofanana olo pang'ono. Mu HSL ukaika L pa 100 umapeza zoyera mbee kaya H ali pati, mtundu weniweni uli pa 50. Mu HSB, yomwe ili mu Photoshop ndi Illustrator, B pa 100 ndiye mtundu wowala kwambiri. Ndaonapo mnyamata atatenga manambala 120, 100, 25 pa intaneti, omwe anali a HSL, n'kuwalemba mu bokosi la HSB, zobiriwira za yunifolomu ya kwaya zinatuluka zoderapo mpaka kukhala ngati zakuda ndipo amayi a kwaya anakana kulandira bana yawo. Manambala omwewo mu HSL amapereka RGB 0, 128, 0 pomwe mu HSB amapereka 0, 64, 0, kusiyana theka lathunthu.

Palibe njira yodumpha kuchoka pa HSL kufika pa inki, umayenera kudzera pa RGB kaye. Masamu ake osavuta ndi awa, gawa nambala iliyonse ya RGB ndi 255, tenga yaikulu pa zitatuzo uichotse pa 1, yotsalayo ndi inki yakuda. Kenako pa mtundu uliwonse chotsa nambala yake pa yaikulu ija n'kugawa ndi yaikulu yomweyo, R amakupatsa cyan, G magenta, B yachikasu, ndipo mayankho onse uwachulukitse ndi 100 kuti akhale maperesenti. Zobiriwira zija za 0, 128, 0 zimatuluka cyan 100, magenta 0, yachikasu 100, yakuda 50. Mawebusayiti ambiri osinthira mitundu amagwiritsa masamu amenewa basi, ndipo ndi abwino pophunzira, koma abale musawakhulupirire mpaka kuikapo ndalama za kasitomala chifukwa masamuwa sadziwa kuti pepala lanu ndi lotani kapena inki ya makinawo ndi yotani.

Umboni wake ndi buluu uja. H 240, S 100, L 50 ndi RGB 0, 0, 255, pa foni amawala bwino zedi, masamu amati cyan 100 magenta 100, koma ukathira zimenezo pa pepala umapeza buluu wakuda wopendekera ku pepo. Odziwa ntchito amatsitsa magenta kufika cha m'ma 70 kuti aoneke buluu m'maso mwa munthu, ndipo ngakhale utatero sangawale ngati pa foni. Pali mitundu ina yomwe inki zinayizi sizingaifikire ngakhale utalipira bwanji, zobiriwira zonyezimira, olenji wowala kwambiri, pinki wothobwa m'maso uja. Izi kasitomala tizimuuza asanapereke dipoziti osati katundu atafika kale.

Njira yeniyeni ndi kugwiritsa ma ICC profile, timafayilo tofotokoza mmene makina ndi pepala lakutilakuti zimatulutsira mitundu. Bungwe la ICC linakhazikitsidwa mu 1993 ndipo sRGB, yomwe mafoni ndi intaneti zimadalira, anaipanga a HP ndi Microsoft mu 1996, ndiye si zachilendo ayi, zakhalapo kale ife ndi amene sitinaphunzitsidwe. Pa pepala losalala lonyezimira ambiri amagwiritsa profile yotchedwa FOGRA39, ena SWOP ya ku America, koma chofunika ndi kuimbira foni osindikizawo n'kuwafunsa kuti mumagwiritsa profile iti. Mu Photoshop ukadina Ctrl+Y umaona chithunzithunzi cha mmene zidzatulukire pa pepala, Shift+Ctrl+Y imadetsa malo onse omwe inki singafike. Amene ali pa CorelDRAW zilimonso zoterezi. Muonetseni kasitomala sikirini imeneyo, yozimiririkayo, avomere yomweyo.

Komanso kuchuluka kwa inki. Ukaphatikiza manambala anayi aja pa malo amodzi asamapitirire cha m'ma 300 pa pepala losalala, ndipo pa pepala la nyuzi ngati lanuli cha m'ma 240, chifukwa limamwa inki ngati dothi la mu Okutobala, zithunzi zimada ndipo tsamba limadetsa linzake. Zakuda za pa sikirini zikasinthidwa mosasamala zimasanduka inki zonse zinayi, pa malo aakulu zili bwino monga cyan 60, magenta 40, yachikasu 40, yakuda 100, koma timalemba ting'onoting'ono ta pulogalamu ya maliro, mayina a ana ndi adzukulu aja, tizikhala inki yakuda yokha 100. Makina akaphonya pang'ono kugwirizanitsa inki zinayi, zilembo zimakhala ndi mthunzi wofiira m'mbali moti agogo sangawerenge, ndipo pa maliro palibe nthawi yokasindikizanso.

Koma chenjezo, timaprinta ta mu shopu ta Epson ndi Canon tomwe ambiri tili nato timayembekezera RGB ndipo timasintha tokha mkatimo, ukatipatsa fayilo ya CMYK mtundu umasinthidwa kawiri n'kutuluka wofooka. Choncho muzisunga mafayilo awiri, ya RGB ya pa shopu ndi PDF ya CMYK yopita ku makina aakulu. Potumiza pa WhatsApp muzitumiza ngati dokyumenti, mukatumiza ngati chithunzi imachifinya n'kuchiwononga.

Za dzuwa la kuno sindichita kukuuzani, posita ikakhala pa khoma pa Ngabu zachikasu ndi zofiira ndi zomwe zimayamba kusuluka n'kutsala buluu yekhayekha, ndiye pa ntchito ya panja tizifunsanso mtundu wa inki yomwe agwiritse, osangofunsa mtengo.

Pempho langa lili pawiri A Mkonzi. Makoleji a ntchito zamanja ndi timasukulu ta makompyuta tomwe tadzadza m'matauni athu aikemo phunziro la mitundu ya inki, asamangophunzitsa kukoka zithunzi ndi kusankha zilembo zokongola, mwana azituluka akudziwa kusiyana kwa HSL, HSB, RGB ndi CMYK ndipo ataonapo ntchito yake itatuluka pa pepala lenileni. Inunso a nyuzipepala, pa tsamba lomwe mumalemba mitengo ya malonda muziikapo profile yomwe makina anu amafuna ndi malire a inki, mizere iwiri yokha ikwana, kuti ife a kutali ngati ku Nsanje amene sitingakwere basi kudzaona pulufu, kope loyeserera lija, tizitumiza fayilo yoti ikangofika muisindikize.

Ine wowerenga wanu,
Wopanga madizayini, Nchalo, Chikwawa