Makoko a zipolopolo za nkhondo ya chiwaya asathere pa sikelo

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzi yanu tilankhulepo za makina ofufuzira zitsulo pansi, aja ambiri akungowatcha detector. Ambiri amawagulira kusaka golide, koma makina sasankha. Amalira pa golide, amaliranso pa msomali, pa khasu lakutha ndi pa zotsalira za nkhondo. Zotsalirazi ndi zimene zatilembetsa kalata ino, chifukwa zikangofukulidwa popanda wolemba pamene zinagona, zimakathera pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha, mbiri yake n'kupita nazo limodzi.

Nthaka yathu ili nazo zambiri zoterezi. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo zolimbana ndi Mlozi kuyambira 1887 mpaka 1895. Malinga a atsamunda monga Fort Lister ku Phalombe ndi Fort Mangochi akadali ndi makoma ake. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo mzinga wa Guendolen mutha kukauona ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho Ajeremani amene anawoloka Songwe anathira nkhondo boma la Karonga, ndipo manda a ena mwa ophedwa tsikulo alipo mpaka lero. Iyi inali mbali ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosapumira, osati chiwaya chokazingira tchipisi chimene ana a lero akuchidziwa. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 anamenya nkhondoyo ngati asilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anasenza katundu ngati amtengatenga. Mayina a asilikali ena ali pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba. A amtengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Batani, lamba wothothoka ndi chitini cha pamsasa wawo ndi umboni wokhawo umene watsala.

Chimene chimatuluka kawirikawiri ndi khoko la chipolopolo, ndipo khoko limayankhula kwa wodziwa kuliwerenga. Yambani ndi kunsi kwake. La mfuti za Angerezi za .303 ndi lotalika mamilimita 56 ndipo lili ndi mlomo wotuluka ngati wa mphika. Pamenepo pamadindidwa zilembo: K ndi fakitale ya Kynoch ku Birmingham, R ndi L zokhala ndi kamuvi pakati ndi Royal Laboratory ya ku Woolwich, KF ndi Kirkee ku India. VI kapena VII ndi mtundu wa chipolopolocho, ndipo pa ambiri pamakhalanso chaka. La mfuti ya Mauser yatsopano ya Ajeremani ndi la mamilimita 57, lopanda mlomo wotuluka, lili ndi kangalande kozungulira m'malo mwake. Koma kumayambiriro kwa nkhondo asilikali akuda ambiri a Ajeremani ankagwira Mauser yakale ya 1871, ya chipolopolo chonenepa cha mamilimita 11 ndi onga wakuda umene utsi wake unkaulula pamene munthu wabisala. Mukapeza khoko lonenepa kwambiri la khosi ngati botolo, mwina lofinyika ngati pepala, ganizirani mfuti ya Martini-Henry ya m'zaka za m'ma 1890.

Kenaka onani kadontho ka pakati. Ngati kali ndi kadzenje kosiyidwa ndi msomali wa mfuti umene umakagogoda powombera, chipolopolocho chinawombedwa. Ngati n'kosalala, chinangogwa m'thumba kapena chinatayidwa pothawa. Makoko owombedwa 30 ogona mu mzere m'mphepete mwa khwawa akukuuzani pamene asilikali anagona pansi n'kuwombera. Mitu ya zipolopolo yophwanyika pa chulu cha kutsidya ikukuuzani kumene ankaloza. Makoko 30 omwewo mukawathira m'jumbo imodzi, mwatsala ndi mkuwa wosakwana ndi theka la kilogalamu, basi. Ku America, pa malo a nkhondo ya Little Bighorn ya 1876, akatswiri anafufuza ndi makina omwewa mu 1984, nalemba malo a khoko lililonse. Poona chipsera chimene msomali wa mfuti iliyonse umasiya, anatha kutsata mfuti imodziimodzi mmene inayendera pabwalopo.

Tichenjezepo pang'ono apa, chifukwa ambiri amafulumira kugamula. Chaka cha pa khoko ndi chaka chopangira, osati chowombera. Ajeremani ankamenyanso nkhondo ndi mfuti zolanda, za Angerezi zolandidwa pa nkhondo ya ku Tanga mu 1914 ndi za Apwitikizi zolandidwa pa nkhondo ya ku Negomano mu Novembala 1917. Alenje nawo anagwiritsa ntchito .303 zaka zambiri nkhondo itatha. Khoko limodzi lokha silitsimikiza kanthu.

Kafufuzidwe koyenera sikavuta, kamangofuna kuleza mtima. Khomani zikhomo zinayi ndi kumanga chingwe malo a mamita 10 mbali zonse, n'kuwagawa m'mizere ya mita imodzi. Mbale ya kunsi kwa makina, imene imamva chitsulo, iziyenda masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa nthaka, yopingasa bwino, ndipo kupukusa kulikonse kuzibwerera theka la kumene mwadutsa kale. Olakwitsa ambiri amaitukula mbaleyo kumapeto ngati akusenga udzu, motero amataya kuya kwake. Chinthu cha kukula ngati ndalama yachitsulo makina wamba amachimva mpaka masentimita 20 kapena 30, asakunamizeni ogulitsa oti amaona mamita asanu pansi. Pa dothi la katondo makina amangolira chisawawa chifukwa dothilo lili ndi chitsulo chake. Mankhwala ake ndi kuwatchera kuti azolowere nthakayo musanayambe, kukweza ndi kutsitsa mbale pamalo opanda chitsulo mpaka phokoso litakhazikika, ndi kuchepetsako mphamvu yomvera. Musatsekenso batani lokana chitsulo wamba kuti muthawe misomali. Pamalo a nkhondo zidutswa za mabomba, zomangira malamba ndi zitini ndi chitsulo chomwecho, ndiye mukazikana mwakana theka la nkhani.

Chinthu chikaonekera, chijambuleni chili pomwepo, lula ili pambali. Lembani manambala a GPS a pafoni, koma popeza foni imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5, yezaninso ndi tepi kuchokera pa zikhomo ziwiri. Chilichonse chikhale m'kathumba kake ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ndi chinyontho. Dzenje likwirireni, ng'ombe za eni ake zingathyoke mwendo.

Zambiri zimaonongeka pokonza. Viniga, ndimu, sandipepa ndi waya wotsukira mapoto zimadya chikungwa chobiriwira cha mkuwa, ndipo zilembo zofunika zija zimakhala m'chikungwamo. Burashi ya m'mano youma ndi kamtengo kotokosera m'mano zimakwana. Chitsulo cha dzimbiri chimakhala ndi mchere mkati, ndiye chikamanyowa ndi kuuma chimasweka m'magamba pa miyezi yochepa. Chisungeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi touma tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Ufa wobiriwira motuwa ukayamba kutuluka pa mkuwa, ndi matenda amene amadya chinthucho mpaka kutha, chipatuleni kwa zinzake.

Tsopano za moyo. Bomba la mzinga silikalamba n'kufa, limangoipiraipira. Ku Belgium ndi France alimi akufukulabe mabomba a 1914 mpaka 1918 chaka ndi chaka, ndipo asilikali a Belgium amatolera matani oposa 100 pachaka. Mu Marichi 2014 bomba lotere linapha antchito awiri ku Ypres, patatha zaka pafupifupi 100. Bomba la mzinga limakhala ndi lamba wa mkuwa wofiira chakunsi. Lambayo akakhala ndi timizere topendeka, bombalo linadutsa mu mzinga ndipo kachipangizo koliphulitsira kangakhale kotchereka. Lamba yemweyo ndi amene amakopa ofuna mkuwa kuti atenge hamala ndi tchizulo. Osaligogoda, osaliotcha, osaliponya m'madzi, ndipo osalimanga pa njinga kuti mupite nalo kupolisi. Bwererani moponda mmene munaponda pobwera, ikani chizindikiro chapatali, uzani amfumu ndi apolisi, iwo aitane asilikali odziwa ntchitoyo.

M'malire a Mozambique, kuyambira Nsanje, Mwanza, Ntcheu mpaka Dedza ndi Mulanje, ife tikuti makinawa asalowe n'komwe m'tchire losalimidwa. Nkhondo ya 1977 mpaka 1992 inasiya mabomba okwirira, ena a thupi la pulasitiki kapena la thabwa okhala ndi kachitsulo kochepa kamene makina osakira golide angakadumphe. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yachotsa minda yonse yodziwika ya mabombawa, koma mawu oti yodziwika muwamve bwino.

Mukakumana ndi mafupa, ntchito yathera pomwepo. Amtengatenga ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine cha 1918 m'njira, naikidwa popanda mwala.

Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kukumba pofunafuna zinthu zakale popanda chilolezo cha boma, komanso kuzitulutsa kunja kwa dziko, ndipo mwini munda ndi amfumu ayenera kuvomera kaye. Vuto n'lakuti mlimi wa ku Kaporo amene khasu lake latukula batani la asilikali a atsamunda a King's African Rifles sadziwa koti akanene, ndipo amaopa kuti akanena amumanga. Ku England ndi Wales anakhazikitsa Portable Antiquities Scheme mu 1997, pamene munthu amakaonetsa chimene watola, n'kuchilemba m'kaundula, ndipo zolembedwa zadutsa kale miliyoni. Pempho lathu ku Dipatimenti ya Museums and Monuments ndi laling'ono kuposa pamenepo: nambala imodzi ya WhatsApp yolandira chithunzi ndi malo, kalata yopita kwa mafumu a ku Karonga, Chitipa, Mangochi, Zomba ndi Chiradzulu yonena poyera kuti wotola mwangozi n'kukanena sapalamula, ndi kaundula woyambira ku myuziyamu ya ku Karonga. Ogula zitsulo zakutha alandirenso zithunzi za makoko ndi mabombawa, azipachike pafupi ndi sikelo.

Ife owerenga anu okonda mbiri ya dziko,
Zomba