Ana aphunzire kufika pa chigamulo molondola

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito, ndimakhala ku Area 25 muno mu Lilongwe. Ndikupempha a Unduna wa Maphunziro kuti ana a sekondale aziphunzitsidwa malamulo amene amatsogolera munthu kuchoka pa mfundo zimene wapatsidwa kukafika pa chigamulo. Ndi ochepa, ndipo safuna labotale, choko ndi bolodi basi.

Loyamba akatswiri amalitcha modus ponens. Mvula ikagwa, msewu wathu wafumbi umachita matope, mvula yagwa, ndiye kuti kuli matope. Lachiwiri, modus tollens, limayenda chobwerera: matope kulibe, ndiye kuti mvula sinagwe. Chrysippus, katswiri wa nzeru zakuya yemwe ankaphunzitsa ku Athens m'dziko la Greece, anali atawalemba kale malamulowa zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi kaganizidwe kena kofanana nawo koma kabodza: kuli matope, ndiye kuti mvula yagwa. Ayi ndithu, paipi ikaphulika matope amabweranso. Komatu umu ndi mmene ambirife timaganizira tsiku ndi tsiku. Mayi akuti malungo amatenthetsa thupi, mwana watentha thupi, ndiye ndi malungo amenewa, n'kuthamangira kukagula LA osayezetsa magazi. Chonsecho mwina ndi chibayo kapena taifodi, ndipo pamene akudikira kuti mankhwala agwire, matenda enieniwo akukula. N'chifukwa chake achipatala amaumirira kuti ayambe abaya kachala kaye.

Pa maliro m'pamene zimaopsa zedi. Wolodzedwa amafa mwadzidzidzi, uyu wafa mwadzidzidzi, ndiye kuti walodzedwa. Pakutha pa tsiku agogo ena awagwetsera nyumba kapena kuwagenda. Apa zolakwika ndi ziwiri: njira yofikira pa chigamulo ndi yokhota, komanso mfundo yoyambayo palibe anaitsimikiza. Ngakhale lamulo lolondola silingakupatse zoona ngati wayambira pa bodza. Lamulo la boma la 1911 loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lilipo, koma limafika mochedwa, miyala itaponyedwa kale.

Ana athu amaphunzira kale kutsimikiza mfundo za jometri sitepe ndi sitepe pokonzekera MSCE. Aphunzitsi angowonjezera maphunziro angapo a malamulo amenewa, zitsanzo zake zichokere kuchipatala, kumsika ndi kubwalo la amfumu, ndipo a MANEB aziikako funso pa mayeso.

Mphunzitsi wopuma,
Area 25, Lilongwe